Mbiri ya Luso Loyenda pa Positi

Kawirikawiri munthu amalembera kalata mbale wake kapena bwenzi lomwe amalidziwa. Koma chapakati pa zaka za m'ma 1900 kudabuka anthu aluso amene ankatumizirana zojambula pa positi ngakhale kuti sadaonanepo chibadwire. Wina ankayamba chithunzi, wina n'kuwonjezerapo, wachitatu n'kudzachimaliza. Mbiri ya luso limeneli imasonyeza momwe envelopu idagwirizanitsira anthu osadziwana, ndiponso momwe idasowetsera tulo maboma ankhanza.

Lusoli silikadatheka pakadapanda kusintha kwa ntchito za mtokoma. M'chaka cha 1840 dziko la Britain, potsatira maganizo a Rowland Hill, lidatulutsa sitampa yoyamba yotchedwa Penny Black. Kuyambira pamenepo wotumiza kalata ndiye ankalipira, ndipo mtengo wake udali wotsika. Mu 1869 dziko la Austria-Hungary lidayambitsa positikhadi. Kenaka mu 1874 mayiko 22 adasaina pangano mumzinda wa Bern ku Switzerland, lomwe lidabala bungwe la Universal Postal Union. Chifukwa cha panganoli, kalata yomatidwa sitampa ya dziko limodzi inkatha kukafika kudziko lina popanda chovuta.

Munthu amene amadziwika kuti ndiye tate wa luso la pa positi ndi Ray Johnson, yemwe adabadwira ku Detroit m'dziko la America mu 1927 ndipo pambuyo pake adakakhazikika ku New York. M'zaka za m'ma 1950 iye adayamba kudula zithunzi za m'nyuzipepala ndi m'magazini, kuzimata pa pepala, kujambulapo zina, n'kuzitumiza kwa anthu. Nthawi zambiri ankalembapo mawu opempha wolandirayo kuti awonjezerepo kanthu, kenaka abweze pepalalo kapena alipititse kwa munthu wina amene adamutchula dzina. Motero anthu awiri osadziwana ankapezeka kuti agwira ntchito imodzi. Mu 1962 gulu la olemberana motere lidapatsidwa dzina loti New York Correspondence School. Sukuluyi idalibe makalasi, mphunzitsi kapena mayeso. Aliyense woyankha kalata ndiye adali wophunzira. Mu 1970 nyumba yoonetserako zaluso ya Whitney Museum ku New York idaonetsa zimene anthuwa adatumiza.

Pamene lusoli lidafalikira m'mayiko ambiri, lidakhala ndi miyambo yake. Munthu ankasankha mutu n'kuitana aliyense wofuna kuti atumize ntchito yake. Padalibe woweruza wosankha zabwino ndi zoipa, padalibenso malipiro olowera. Chilichonse chimene chafika chinkaonetsedwa, ndipo sichinkabwezedwa kwa mwini wake. M'malo mwake, woitanayo ankatumizira aliyense mndandanda wa mayina ndi makeyala a onse amene adatengapo mbali. Mndandandawu ndiwo udali mbewu, pakuti kuchokera m'menemo munthu ankapeza abwenzi atsopano owalembera. Ambiri ankasema zidindo zawo ndi kupanga timasitampa tongokometsera, timene ankamata pambali pa sitampa yeniyeni. Ntchitozi sizinkagulitsidwa. Eni ake ankakhulupirira zimene akulu akale adanena kuti kupatsa n'kuika.

Ku America ndi kuzambwe kwa Ulaya zonsezi zinkaoneka ngati masewera. Sizidali choncho m'mayiko a ulamuliro wa chikomyunizimu kum'mawa kwa Ulaya, kumene nzika sizinkaloledwa kuyenda momasuka. Kumeneko kalata ndiyo inkafika kumene mwini wake sakadafikako. Mu 1972 Jarosław Kozłowski ndi Andrzej Kostołowski a ku Poland adalembera aluso oposa 300 m'mayiko osiyanasiyana, kuwapempha kuti azisinthana maganizo ndi ntchito zawo mwaufulu. Mayankho atabwera, Kozłowski adaitana anzake kunyumba kwake mumzinda wa Poznań kuti adzaone. Apolisi achinsinsi adalowa m'nyumbamo n'kulanda zonse. Ku East Germany nako, apolisi achinsinsi otchedwa Stasi adali ndi nthambi yapadera yotsekula makalata a anthu ndi nthunzi, kuwawerenga ndi kuwamatanso. Ngakhale zidali choncho, Robert Rehfeldt ndi mkazi wake Ruth Wolf-Rehfeldt a ku East Berlin adapitirizabe kulemberana ndi aluso a kutsidya kwa malire.

Ku South America, kumene mayiko angapo ankalamulidwa ndi asilikali, mavuto adali aakulu koposa. Mu 1976 apolisi a ku Brazil adatseka chionetsero cha luso la pa positi mumzinda wa Recife tsiku lomwe chidatsekulidwa, ndipo adamanga Paulo Bruscky, mmodzi mwa ochikonza. Chaka chomwecho ku Argentina, mwana wamwamuna wa Edgardo Antonio Vigo adagwidwa ndipo sadaonekenso. Vigo adapanga timasitampa tokhala ndi nkhope ya mwanayo n'kumatimwaza m'makalata, kuti dziko lonse lapansi lidziwe. Ku Uruguay, Clemente Padín adamangidwa mu 1977 pa mlandu wonyoza asilikali kudzera mu ntchito zake. Apa ndi pamene mphamvu ya mndandanda wa makeyala uja idaonekera. Anthu amene sadamuonepo Padín adalemba makalata ochuluka ofuna kuti amasulidwe, potsata mwambi woti mnzako akapsa ndevu m'zimire. Iye adatuluka m'ndende mu 1979, asadamalize chilango chake.

Maboma ankhanzawo adagwa, koma lusoli lidapitirira. Mu 1985 Ryosuke Cohen wa ku Japan adayambitsa ntchito yotchedwa Brain Cell. Anthu ankamutumizira zidindo ndi tizithunzi, iye n'kuzisindikiza pamodzi pa pepala limodzi, kenaka n'kutumizira aliyense pepalalo ndi mndandanda wa anzake. Mapepala otere adafika popitirira 1,000. Ray Johnson adamwalira mu 1995, nthawi imene intaneti inkayamba kulanda malo a kalata. Komabe mu 2005 Paulo Magalhães wa ku Portugal adayambitsa Postcrossing, njira imene munthu amatumizira positikhadi kwa mlendo, nayenso n'kulandira ina kuchokera kwa mlendo wina.

Woponya envelopu m'bokosi la positi sankadziwa ngati ikafike, ngati ikatsekulidwe m'njira, kapena ngati ikayankhidwe. Ankangokhulupirira kuti kutaliko kuli munthu amene adzailandira ndi manja awiri. Chikhulupiriro chimenechi ndicho chidasunga luso la pa positi. Ndichonso chimene apolisi a ku Poznań, ku Recife ndi ku Montevideo ankachiopa, pakuti munthu amene dzina lake likudziwika kutsidya kwa nyanja ndi wovuta kumusowetsa mwakachetechete.