Udzudzu wa ku Nyimba ndi Petauke: umadya liti, umadya kuti?

Kale

Makolo athu ankawadziwa malungo, koma chowabweretsa sankachidziwa. Ena ankati ndi kunyowa ndi mvula, ena ankati ndi nzimbe kapena mango osapsa. Pa nyengo pokha sankalakwa, chifukwa malungo amachulukadi m'dzinja. Madzulo ankafukiza ndowe za ng'ombe kapena masamba kuti udzudzu uthawe. Ankauthamangitsa chifukwa chosokosa m'makutu, osati chifukwa cha matenda.

Madokotala awiri

Mu 1880, dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, akugwira ntchito ku Algeria, anaona tizilombo ta malungo m'magazi a munthu wodwala. Mu 1897, ku India, Ronald Ross anang'amba mimba ya udzudzu wa mtundu wa Anopheles ndipo anatipeza momwemo. Mlandu wa mango unathera pamenepo.

Woluma ndi waukazi

Udzudzu waumuna suluma, umangomwa timadzi ta maluwa. Waukazi ndiwo umafuna magazi kuti mazira ake akhwime, ndipo umabwerera kudzaluma pakapita masiku awiri kapena atatu. Ukaluma munthu wodwala umameza tizilombo. Tizilomboto timakula m'thupi mwake kwa masiku 10 mpaka 14, kenako timafika m'malovu ake. Apa ndiye wasanduka woopsa. Udzudzu umene wafa masikuwa asanakwane sunapatsire munthu aliyense.

Kudya kwake n'kosiyana

Ife timangoti udzudzu, koma ulipo wa mitundu yambiri.

Wina amautcha funestus. Uwu ndi mlendo wosagogoda. Umakonda magazi a munthu, umalowa usiku podzera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga, anthu ali m'tulo. Ukakhuta umatera pakhoma kapena kudenga la udzu. Umaswana m'madambo mosauma madzi, n'chifukwa chake umapezeka ngakhale m'chilimwe.

Wina ndi arabiensis. Uwu susankha: ng'ombe ikapezeka umaluma ng'ombe, munthu akapezeka umaluma munthu, m'nyumba kapena pabwalo.

Zimene anapeza ku Nyimba

Cha m'ma 2011 mpaka 2013, anthu a m'midzi ya m'maboma a Nyimba ndi Luangwa ankathandiza ofufuza kutchera udzudzu ndi misampha yokhala ndi kanyali. Anapeza kuti wofalitsa malungo kwambiri ndi funestus uja, ndipo anthu ambiri ankalumidwa ali m'nyumba. Ichi n'chifukwa chake neti imathandiza, komanso kupopera mankhwala m'makoma. Vuto linali lakuti funestus unayamba kuzolowera mankhwala a m'maneti, choncho opopera anatenga ena otchedwa Actellic.

Mu 2023 kunatuluka lipoti lina la ku Nyimba komweko. Udzudzu wotchedwa rufipes, umene ambiri ankauyesa wa ziweto zokha, unapezeka nato tizilombo ta malungo. Umaluma m'nyumba ndi panja pomwe. Kumeneko anayesanso kutchinga mawindo ndi zitseko ndi waya wa timaso ting'onoting'ono, ndipo udzudzu wolowa m'nyumba unachepa.

Madzulo athu

Taganizani za mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa Great East pa Nyimba. Dzuwa lalowa, iye akudikirabe basi yochokera ku Lusaka, mwana ali kumsana, miyendo ili pamtunda. Neti yake ili kunyumba, yokulungidwa pamwamba pa mphasa. Ku Petauke nakonso, ife tomwe timachezera pabwalo kusenda nshawa, timagona pamaliro, timalondera m'munda. Neti yabwino chotani singatitsatire kumeneko, ndipo ine ndimaona kuti nkhani imeneyi sitiikamba mokwanira.

Amayi ndi abambo, ana azilowa mu neti msanga, akuluakulu musanathe macheza. Matani mipata ya pansi pa denga. Mukachezera panja, valani zofika m'mapazi. Thupi likatentha musadikire mawa, pitani kuchipatala akakuyezeni magazi tsiku lomwelo.