Cigawo ca Zambézia: Kwawo kwa Mpunga ndi Kokonati

Mtsinje wa Zambezi umene umadutsa pansi pa mlatho wa Samora Machel suthera ku Tete kuno ayi. Madzi ake amatsika, kudutsa ku Mutarara ndi ku Caia, mpaka kukathira m'nyanja yamcere kufupi ndi Chinde. Kumeneko ndi ku cigawo ca Zambézia.

Kukula kwake ndi anthu ake

Zambézia ndi cigawo cacikulu, coposa masikweya kilomita 100,000. Kalembera wa caka ca 2017 anapeza kuti kumeneko kuli anthu oposa 5 miliyoni. Cigawo ca Nampula cokha ndico cili ndi anthu ambiri kuposa amenewa. Ife a ku Tete pa kalembera yemweyo sitinafike 3 miliyoni.

Anthu a kufupi ndi nyanja amalankhula Echuwabo. A kumapiri amalankhula Elomwe, ndipo a m'mbali mwa Zambezi amalankhula Cisena. Ku boma la Milange, kumalire ndi Malawi, mudzamva cilankhulo cathu comweci. M'tauni, Cipwitikizi cidzakuthandizani.

Mzinda wa Quelimane

Likulu la cigawoci ndi Quelimane. Mzindawu uli m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, kutanthauza "zizindikiro zabwino". Dzinali linacokera kwa Vasco da Gama, amene anafika kumeneko mu 1498. Nayenso David Livingstone, atadutsa ku Tete mu 1856, anakathera ulendo wake ku Quelimane.

Mukafika, coyamba kuona ndi njinga. Malo a kumeneko ndi athyathyathya, opanda zitunda, n'cifukwa cake njinga zonyamula anthu zili ponseponse. Acinyamata ambiri amadyera nchito imeneyi. Mugwirizane mtengo musanakwere, kuti musakangane pofika.

Kutentha kwa kumeneko n'kosiyana ndi kwathu. Kwathu dzuwa limawotca koma mpweya ndi wouma. Ku Quelimane mpweya ndi wacinyezi, thukuta silikuuma msanga.

Zimene anthu amadalira

Kufupi ndi nyanja anthu amalima mpunga m'madambo, amaweta nkhuku, ndiponso amapha nsomba, nkhanu ndi camarão. Mitengo ya kokonati ndi cuma cacikulu, ngakhale kuti yambiri inauma ndi matenda amene amasandutsa masamba kukhala acikasu. Mabanja ambiri anataya ndalama cifukwa ca matendawa.

Kumapiri a Gurúè kumazizira ndipo kuli minda ya tiyi. Kumeneko kuli phiri la Namuli, lotalika mamita 2,419. M'dziko lonse la Mozambique, phiri la Binga lokha ndilo limaposa Namuli.

Pa cakudya, ife tinazolowera nsima ndi nyama ya mbuzi. Iwo amakonda mpunga ndi ndiwo zothira madzi a kokonati. Mulaweko galinha à zambeziana, nkhuku yowotca yonyikidwa m'madzi a kokonati. Palinso mucapata, yophikidwa ndi mpunga, mphodza ndi kokonati.

Kafikidwe kake kucokera ku Tete

Njira yoyamba ndi ya m'dziko mwathu momwemuno. Mutsata msewu wa N7 kudzera ku Changara ndi Catandica, mulowa N6 kudutsa Chimoio mpaka pa Inchope. Pamenepo mukhotera kumpoto pa N1, kudutsa Gorongosa mpaka ku Caia. Kale magalimoto ankadikira combo pamenepa, nthawi zina masiku angapo. Kuyambira 2009 pali mlatho wa Armando Emílio Guebuza, wotalika makilomita oposa 2. Mukaoloka, muli ku Chimuara, m'Zambézia. Pa Nicoadala mupatuka kulowera ku Quelimane.

Njira yaciwiri ndi yodzera ku Malawi: Zóbuè, Mwanza, Blantyre, Mulanje, kenako kulowanso Mozambique pa Milange n'kutsikira ku Mocuba. Njira imeneyi imafuna pasipoti, cifukwa mudutsa malire kawiri. Njira zonse ziwiri n'zazitali, ndiye nyamukani m'mawa, mutenge BI yanu, madzi akumwa ndi ndalama yapadera yogonera panjira.

Nyengo yoopsa

Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nthawi ya mvula ndi namondwe. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unasefukira n'kudula msewu wa N1 pa Mocuba, ndipo magalimoto anaima mbali zonse ziwiri. Pa 11 Malici 2023 namondwe Freddy anagwera kufupi ndi Quelimane. Anasasula madenga, anagwetsa mitengo ya magetsi ndi kumiza minda. Pambuyo pake matenda a kolera anafalikira mumzindamo.

Ngati mungathe kusankha, pitani pakati pa Meyi ndi Okutobala. Ngati ulendo ndi wa maliro kapena matenda m'nyengo ya mvula, mverani wailesi musananyamuke. A INAM amalengeza za nyengo, ndipo a INGD amacenjeza anthu za ngozi. Akanena kuti musamukire kumtunda, musazengereze.

Zoti mukumbukire mukakhala kumeneko

Udzudzu ndi wambiri m'madambo a mpunga. Gonani m'neti usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha pitani kucipatala tsiku lomwelo. Imwani madzi owiritsa kapena othira mankhwala.

Anthu ambiri amapita kukaona nyanja ku Zalala, pafupifupi makilomita 30 kucokera ku Quelimane. Nyanja si mtsinje. Madzi ake amaphwa n'kubwereranso tsiku lililonse, ndipo pamene munaima pouma pangakhale pozama pakapita maola ocepa. Funsani asodzi a pamalopo musanalowe m'madzi, ndipo ana musawasiye okha.

Pofuna nyumba ya lendi, yang'anani khoma. Mzere wa matope pakhoma umakuuzani pamene madzi anafika caka catha. Funsaninso oyandikana nawo musanapereke ndalama.