Munda woguga umene unadzaza nkhokwe

Ndinakulira pambali pa wailesi ya bambo anga, imene usiku inkakoka mawu a ku London ndi ku Johannesburg pakati pa phokoso ngati la mvula padenga la malata. Ndinkadzifunsa kuti mawuwa amayenda bwanji mtunda wonsewu popanda waya. Nditakula ndinadziwa kuti njirayi anailambula ndi anthu wamba okonda wailesi, odzilumikizira okha makina m'nyumba zawo, osalandirapo ngakhale tambala.

Mu 1912 boma la America linaika lamulo lokankhira anthuwa ku mafunde afupiafupi, osapitirira mamita 200. Mafunde aatali anatsalira sitima zapamadzi, asilikali ndi makampani, poti akatswiri ankati afupiwo safika patali. Kunali ngati kugawira mlendo munda woguga kumalire kwa mudzi.

Eni mundawo analima ndithu. Mu Disembala 1921 bungwe lawo la ARRL linatumiza Paul Godley ku Ardrossan, ku Scotland. Iye anakhoma tenti pamtetete, mvula ndi chisanu zikumukwapula, n'kuyala waya wautali pamitengo, ndipo anamva siteshoni ya 1BCG ya ku Greenwich, m'chigawo cha Connecticut. Mu Novembala 1923 Léon Deloy wa ku Nice, ku France, anayankhana ndi Fred Schnell ndi John Reinartz a ku America pa mafunde a mamita pafupifupi 100.

Koma nkhani imene imandigwira mtima ndi ya pa 18 Okutobala 1924. Mnyamata wa zaka 18, Cecil Goyder, ali pa makina a sukulu ya Mill Hill ku London, anayankhidwa ndi Frank Bell, mlimi woweta nkhosa ku Shag Valley, ku New Zealand. Pakati pawo panali makilomita pafupifupi 19,000, ndipo ankalankhulana ndi timadontho ndi timizere ta Morse. Ku London kunkacha, ku New Zealand kunkada. Mpaka lero osaka masiteshoni akutali amadikirira m'bandakucha ndi chisisira, chifukwa nthawi imeneyo mafunde amene amanjanja kumwamba n'kubwerera pansi sataya mphamvu yambiri panjira.

Kuchokera pamenepo kusaka maiko akutali, kumene iwo amati DX, kunasanduka mwambo. Kuyambira 1937 ARRL imapereka satifiketi ya DXCC kwa amene walumikizana ndi madera 100. Umboni wake unali makhadi a QSL otumizirana papositi. Eriyo ya Yagi, imene inatulukira ku Japan mu 1926, inawathandiza kuloza mphamvu mbali imodzi monga tochi ilozera kuwala. Lero maderawo alipo 340, ndipo ovuta kuwapeza ndi monga North Korea ndi chilumba cha Bouvet, chopanda anthu, chokutidwa ndi madzi oundana. Malawi nayenso amasakidwa: dzina lililonse la siteshoni loyamba ndi 7Q ndi lathu, ndipo m'masiku a Nyasaland linkayamba ndi ZD6.

Siteshoni yosowa ikamveka, anthu mazanamazana amaitana nthawi imodzi. N'chifukwa chake iyo imalankhulira pena, n'kumamvetsera chapamwamba pang'ono. Wopupuluma amakuwira pamene ikulankhulira, n'kusokonezera anzake onse. Wodekha amayamba wamvetsera, apeze pamene woyankhidwa womaliza anaima, aone mbali imene siteshoniyo ikusunthira, kenako atchule dzina lake kamodzi, momveka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zida zasintha. Kuyambira 2017 njira ya FT8 imalola kompyuta kutola mawu ofooka amene khutu silingamve. Komabe kompyutayo sidzutsa munthu m'bandakucha, ndipo siimuphunzitsa kudikira mpata wake. Wachinyamata amene uli ndi chidwi, pezako wailesi ya mafunde afupi, ukoke waya pamtengo, uyambe ndi kumvetsera. Chiphaso cha ku MACRA ndi makina otumizira mawu zidzabwera pambuyo.