Kuchokera pa kambalame ka mumgodi kufika pa mbaula ya ku Liwonde

Aliyense amene wadutsapo pa msewu wochokera ku Zomba kudzera ku Liwonde mpaka ku Balaka amawadziwa matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu, ndi njinga zakapalasa zimene zimatsika nawo m'mapiri a Machinga kusanache. Tikamakamba za makala amenewa, nkhani imakhala ya mitengo, ya mapiri amene atsala ambee ndi ya mvula yosadalirika. Nkhani imeneyo ndi yoona. Koma pali ina imene mbiri yathu yailumpha: makala akafika m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka, sununkha, koma umapha munthu ali mtulo. Kachipangizo kochenjeza za mpweya umenewu kalipo, koma ambiri a ife sitinakaonepo. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi kumene kanachokera.

M'zaka za m'ma 1850, wasayansi wa ku France, Claude Bernard, anaonetsa momwe mpweyawu umaphera. Umakakamira m'magazi pamalo pamene pakanakhala okosijeni, ndipo umagwira mwamphamvu kuposa okosijeniyo maulendo oposa 200. Munthu amapuma bwinobwino koma thupi lili pa njala ya mpweya. Amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Kuno kwathu zizindikiro zimenezi timangoti ndi malungo, n'kumwa panado n'kukagona, pamene kugonako ndiye kudzipereka.

Amene anayamba kufunafuna chochenjeza anali a m'migodi ya malasha. Mu 1896, mgodi wa Tylorstown ku Wales utaphulika, John Scott Haldane anapima mitembo n'kupeza kuti ambiri sanafe ndi kuphulikako, koma ndi carbon monoxide amene anadzaza m'mgodimo pambuyo pake. Iye analangiza kuti ogwira ntchito azilowa ndi tinyama ting'onoting'ono timene timakomoka msanga kuposa munthu. Apa ndi pamene panayambira mwambo wotsika m'mgodi ndi mbalame zotchedwa canary. Kambalame kakagwa pa kamtengo kake, anthu ankathawa. Migodi ya ku Britain inasiya mbalamezi mu 1986, zitalowedwa m'malo ndi zipangizo zamagetsi. Mbiri ya m'migodiyi si ya azungu okha. Pa 6 June 1972, mgodi wa malasha wa Wankie ku Rhodesia, komwe lero ndi Hwange ku Zimbabwe, unaphulika n'kupha anthu oposa 400, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi amene anapita kukasaka ndalama.

Chochenjeza chinatuluka m'mgodi n'kulowa m'nyumba za anthu pang'onopang'ono. Ku America, Duane Pearsall wa ku Colorado anapanga alamu ya utsi yoyendera batire pakati pa zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo ya carbon monoxide inafala m'nyumba m'zaka za m'ma 1990. Chimene chinazifalitsa kwambiri ndi lamulo. Mizinda ndi maboma atayamba kulamula kuti nyumba zizikhala ndi ma alamu, ogula anachuluka, makampani anapikisana, mtengo n'kutsika. Ku England, kuyambira mu October 2015, mwini nyumba yalendi amayenera kuika alamu ya utsi, komanso ya carbon monoxide m'chipinda chilichonse chimene muli choyatsira nkhuni kapena malasha. Kachipangizoka sikanatchipe kokha. Kanatchipa chifukwa anthu anagwirizana kuti imfa ya m'chipinda chogona ndi nkhani ya dziko, osati ya banja lofedwa lokha.

Tsopano tibwerere kwathu. Malamulo athu okhudza moto wophikira anayamba ndi nkhalango. Boma la atsamunda linaika malire pa nkhalango za Liwonde ndi Malosa m'zaka za m'ma 1920. Lamulo la za nkhalango la 1997 linaletsa kuotcha makala popanda chiphaso, ndipo mu 2020 Nyumba ya Malamulo inalikhwimitsa. Mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko ya zaka khumi yokhudza makala. M'zonsezi funso lakhala lakuti, kodi mtengo wadulidwa kuti, ndipo wadula ndani? Apolisi ndi a zankhalango amalanda matumba pa ma rodibuloko, koma thumba limene lapulumuka likafika m'nyumba, boma limatembenuka. Komatu kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo okhala ndi magetsi anali pafupifupi 11 okha pa 100. Ngakhale a magetsiwo amasunga mbaula pakhonde podikira kuti ESCOM izimitse.

Gawo lachiwiri la mbiriyi ndi la mbaula zamakono. Boma la Balaka, limene linapatulidwa ku Machinga mu 1998, ndi limodzi mwa madera amene bungwe la Concern Universal linalimbikitsa Chitetezo Mbaula, mbaula yadothi younmbidwa ndi magulu a amayi, imene imadya nkhuni zochepa. Mu 2013 boma linalonjeza kuti mbaula zamakono 2 miliyoni zidzakhala zitafika m'makomo pofika 2020. Ntchito imeneyi inapepuza mitolo pa mitu ya amayi athu, ndipo sindikuinyoza. Koma nayonso inayang'ana nkhuni ndi utsi wooneka, uja wotulutsa misozi. Makala ndi oopsa chifukwa chakuti akayaka bwino utsi umatha, munthu n'kuganiza kuti zonse zili bwino, pamene mpweya wakupha ukutulukabe.

Chinanso chimene chasintha ndi nyumba zathu. Nyumba ya agogo inali yaudzu, yokhala ndi mpata pakati pa khoma ndi denga, ndipo khitchini inali payokha kuseri. Mpweya unkalowa n'kutuluka. Lero ku Liwonde, ku Ntaja, ku Ulongwe ndi pa Balaka tauni tikumanga nyumba za njerwa zootcha, zamalata, zamawindo agalasi, ndipo usiku timatseka paliponse poopa akuba ndi udzudzu. Ambiri amachita lendi chipinda chimodzi, chomwecho chogona, chomwecho chophikira. Ganizirani mlonda m'kanyumba kake ka pageti mu June, mwana wasukulu wodzigonera yekha pafupi ndi sekondale, kapena mayi amene walowetsa mbaula kuti khanda lisazizidwe. Chitukuko chatseka mipata imene inkatipulumutsa ife osadziwa.

Wina anena kuti alamu ndi zinthu za anthu olemera, munthu wosowa ya ufa angagule bwanji? Funsolo ndi lomveka, ndipo n'chifukwa chake chitetezo choyamba n'chaulere: mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala ake akuoneka kuti azima, ndipo pophikira mkati khomo kapena windo likhale lotsegula. Mukapeza anthu angapo a m'nyumba imodzi akudandaula mutu nthawi imodzi, atulutseni panja msanga ndipo thamangirani nawo kuchipatala, kumene angapatsidwe okosijeni.

Koma kwa amene angakwanitse, makamaka eni nyumba zalendi, malo ogona alendo ndi mahostelo, pali zoti adziwe. Alamu ya utsi siimva carbon monoxide. Pamafunika yolembedwa CO, kapena yophatikiza zonse ziwiri. Yoyendera batire ndiyo yoyenera kuno, chifukwa mbaula imalowa m'nyumba nthawi imene magetsi azima. Yang'anani chizindikiro cha EN 50291 kapena UL 2034, chifukwa alamu yachinyengo imagonetsa munthu mtima uli m'malo. Onaninso tsiku lothera ntchito, poti kachipangizo komva mpweya kamafooka pakatha zaka zisanu mpaka khumi.

Zotsalazo ndi za boma. Malawi Bureau of Standards ingathe kuika muyezo kuti m'misika musalowe zinyalala. Unduna wa zachuma ungachotse msonkho pa ma alamuwa. Makhonsolo a Machinga ndi Balaka, amene amapereka ziphaso kwa eni malo ogona, angafunse alamu asanadinde chidindo. A zaumoyo a m'midzi, amene amatiphunzitsa kale za maneti ndi zimbudzi, angaonjezere mawu awiri okhudza mbaula nyengo yachisanu isanafike. Ogwira ntchito m'migodi anali ndi kambalame kowafera. M'zipinda zathu zalendi, amene amayamba kukomoka nthawi zambiri ndi mwana wamng'ono amene wagona pafupi ndi moto.