Cheza cha maelekitironi ndi miyala ya m'migodi ya Kadoma ndi Chegutu

Chuma cha m'migodi ya Kadoma ndi Chegutu ku Zimbabwe, komwe anthu ambiri ochokera ku Malawi adagwirako ntchito m'nthawi ya atsamunda, sichionekera maso. Pulatinamu wa mu Great Dyke, yemwe amayengedwa ku Selous m'boma la Chegutu, amakhala m'timibulu tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Pofuna kutiona, akatswiri a miyala amagwiritsa ntchito maikulosikopu ya maelekitironi, yomwe Ernst Ruska ndi Max Knoll adayamba kupanga ku Berlin mu 1931.

Makinawa saunika ndi kuwala. Kachidutswa ka mwala kamasalazidwa, kupakidwa kaboni pang'ono ndi kuikidwa m'kachipinda kopanda mpweya. Kenaka cheza cha maelekitironi, cholunjikitsidwa ndi maginito, chimayenda pamwamba pake mzere ndi mzere.

Chezacho chikamenya mwala, chimathothola maelekitironi ena m'maatomu a pamwamba, ndipo amenewa amaonetsa maonekedwe a kunja okha. Ofunika kwambiri kwa amigodi ndi maelekitironi a chezacho omwe amalowa m'mwala nkubwereranso. Atomu yolemera imabweza ochuluka. Motero mwala wamba wa quartz umaoneka woderako pa chithunzi, pomwe golide, yemwe nambala yake ya atomu ndi 79, amawala ngati nyenyezi.

Koma pulatinamu, wa nambala 78, amawala chimodzimodzi. Chowasiyanitsa ndi X-ray. Elekitironi ya m'kati mwa atomu ikachotsedwa, ina ya kunja imatsikira pamalo pake ndi kutulutsa X-ray, yomwe mphamvu yake ndi yosiyana pa mtundu uliwonse wa atomu. Njira yozindikirira zomwe zili m'mwala mwa mtunduwu adaikhazikitsa ndi Raymond Castaing wa ku France mu 1951.

Kudziwa mwala womwe wagwira chitsulo kumathandiza kusankha kayengedwe koyenera. Pa mgodi wa Cam and Motor, pafupi ndi Kadoma, golide wambiri wapansi adatsekeredwa m'miyala ya arsenopyrite ndi pyrite, momwe mankhwala a cyanide salowa. Golide wotere nthawi zina amamwazika m'mwalamo mwakuti ngakhale makinawa sam'onetsa. Mu 2022 kampani ya RioZim idatsegula pamgodipo fakitale ya BIOX, momwe mabakiteriya amayamba afumbutsa miyalayo cyanide asanathiridwe.