Ana a Mumsewu Sanagwe Kumwamba

Tikaona anyamata agona pa makatoni mu Cairo Road kapena pafupi na Soweto Market, ambili timakamba kuti ni ulesi cabe. Koma mbili ya Lusaka ionetsa kuti vuto la pogona ni lakale monga mzinda weniweniwo.

Mu 1935 azungu anasamutsa likulu kucoka ku Livingstone kubwela kuno. Mzindawu anaupangila iwo eni. Munthu wakuda anali kuloledwa m'tauni monga wanchito cabe, citupa m'thumba, ndipo nyumba inali kubwela na nchito. Nchito ikatha, nyumba nayo yapita. Osowa kopita anamanga tunyumba twa dothi m'mapulazi na m'migodi ya miyala, ndipo makomboni ambili anayamba motelo.

Ufulu wa 1964 unacotsa citupa, anthu n'kukhamukila m'tauni, koma nyumba za khansolo sizinakwane. Mu 1974 boma linaika lamulo lovomeleza makomboni ena, ndipo ku George, Chawama na Chaisa kunafika mapaipi a madzi na misewu. Posakhalitsa mtengo wa kopa unagwa, ndalama zinayamba kusowa.

Zaka za m'ma 1990 ndiye zinathyola mabanja. Makampani a boma anagulitsidwa, ena monga Zambia Airways mu 1994 anatsekedwa, makolo n'kutaya nchito. Kusukulu na kucipatala kunali kulipila. Nthawi imodzimodziyo AIDS inali kutenga amai na atate. Kale mwana wamasiye anali kupita kwa amalume kapena ambuya, koma manje nawonso anali kulephela lendi ya cipinda cimodzi. Ana anayamba kugona m'makolido a masitolo, kunyamulila anthu katundu, kulonda mamotoka na kununkhiza bostik kuti aiwale njala na mphepo ya June. Mu 1996 Fountain of Hope inayamba nchito yolandila ana otele, ndipo malo ake ali ku Kamwala.

Kuyambila 2022 sukulu ni yaulele mpaka Giledi 12, koma mwana amene alibe pogona sangalembe homuweki. Citupa cinapita, lamulo lake likali na moyo: ulibe nchito, ulibe nyumba. Ambili a ise tikhala pa lendi, malipilo a mwezi umodzi ndiwo atilekanitsa na katoni ija. Conco tikakumana na makhansala na aphungu athu, tiwafunse za nyumba zochipa, osati cabe za kupitikitsa ana m'tauni.