Kuweta nkhuku m'tauni: zimene malamulo amafuna

Kuseri kwa nyumba zambiri ku Ndirande, Area 25, Chibavi ndi Chinamwali kuli makola a nkhuku. Ena amaweta zachikuda kapena zamikolongwe kuti azipezako ndiwo, pomwe ena amaweta nkhuku zanyama ndi zamazira kuti apeze ndalama ya lendi ndi fizi. Ulimiwu ndi wothandiza, koma pamalo pomwe nyumba zili mothithikana, fungo la zitosi, ntchentche ndi kulira kwa atambala zimadanitsa anthu oyandikana. Nkhani ikafika kukhonsolo, woweta yemwe sadafunse malamulo akhoza kulamulidwa kuchotsa khola atalowetsapo kale mpamba wake wonse.

Mphamvu za khonsolo

Lamulo la maboma aang'ono la 1998, lotchedwa Local Government Act, limapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo awoawo oyendetsera dera lawo komanso oletsa zinthu zosowetsa anthu mtendere. Malamulowa amayamba kugwira ntchito nduna yoona za maboma aang'ono ikawavomereza.

Izi zikutanthauza kuti mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ili ndi malamulo osiyana, ndipo chololedwa mumzinda wina sichikhala chololedwa kwina kulikonse. Munthu wofuna kuyamba kuweta ayenera kupita kunthambi ya zaumoyo kukhonsolo yake ndi kufunsa zinthu zinayi: ngati dera lakelo limaloledwa kuweta, ngati pakufunika chilolezo, chiwerengero cha nkhuku chomwe angasunge, ndiponso kutalikirana kwa khola ndi nyumba komanso malire a poloti. Ndi bwino kupempha kuti yankho likhale lolembedwa, chifukwa mawu apakamwa savuta kukanidwa tsiku la mlandu.

Lamulo la zaumoyo

Madandaulo ambiri okhudza ziweto m'tauni amagwera pansi pa lamulo la zaumoyo wa anthu, Public Health Act, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1948. Lamuloli limaletsa kusunga chiweto m'njira yonyansa kapena yoika moyo wa anthu pachiswe. Limaletsanso khola lomangidwa kapena kusamalidwa moipa, komanso kuunjika ndowe ndi zinyalala zomwe zikutulutsa fungo kapena kuswetsa ntchentche.

Apa chachikulu si kuchuluka kwa nkhuku ayi, koma kasungidwe kake. Nkhuku khumi zokhala m'khola lachinyontho, loyandikana ndi zenera la mnzako, zikhoza kubweretsa mlandu pomwe nkhuku makumi asanu zosamalidwa bwino sizingadandaulitse munthu.

Dandaulo likaperekedwa, oyang'anira zaumoyo amayendera malowo. Akapeza vuto, amapereka kalata yochenjeza yomwe imatchula zoyenera kukonzedwa ndi nthawi yake. Woweta akanyozera, nkhani imapita kubwalo la majisitireti, lomwe lingalamule kuti vutolo lithetsedwe komanso kupereka chindapusa. Choncho kalata yotere si yoponya m'dengu. Wolandira ayenera kukonza zomwe zatchulidwazo, ndipo ngati nthawi yachepa, akapemphe yoonjezera tsiku lisanakwane.

Poloti ndi ntchito yake

Malo a m'mizinda adagawidwa molingana ndi ntchito: ena ndi okhalamo anthu, ena a malonda, ena a mafakitale. Malinga ndi lamulo la Physical Planning Act la 2016, kumanga kapena kusintha ntchito ya malo kumafuna chilolezo cha komiti yoona za mapulani. Kakhola ka nkhuku zochepa zapakhomo ndi kosiyana ndi khola lanjerwa losungiramo nkhuku mazanamazana zogulitsa. Lachiwirili limasandutsa poloti yokhalapo anthu kukhala malo a bizinesi, ndipo mwini wake ayenera kukaonana ndi khonsolo asanaike njerwa yoyamba.

Mwini poloti awerengenso chikalata chake cha lizi, pakuti chimatchula ntchito yomwe malowo adaperekedwera. Kugwiritsa ntchito malo mosemphana ndi chikalatacho ndi kuphwanya mgwirizano.

Okhala m'nyumba zalendi ali ndi khomo linanso loti agogode. Ngakhale khonsolo italola, mwininyumba, kaya ndi munthu wamba kapena bungwe la Malawi Housing Corporation, ali ndi ufulu woletsa ziweto kudzera mumgwirizano wa lendi. Chilolezo cha mwininyumba nachonso chikhale cholembedwa.

Matenda a nkhuku

Lamulo loteteza ziweto ku matenda, Control and Diseases of Animals Act, limapatsa boma mphamvu zoletsa kuyendetsa ndi kugulitsa ziweto m'dera momwe mwabuka mliri, ndipo limafuna kuti mwini ziweto adziwitse akuluakulu akaganizira kuti zagwidwa ndi matenda opatsirana. Nkhuku zikayamba kufa motsatizana, woweta adziwitse mlangizi wa ziweto wa m'dera lake mwamsanga.

Mdani wamkulu wa nkhuku m'dziko muno ndi chitopa, chomwe chimatha kupululutsa khola lonse m'masiku owerengeka. Matendawa alibe mankhwala ochiza, koma ali ndi katemera. Katemera wa I-2, yemwe amadonthetsedwa m'diso la nkhuku, amaperekedwa pakatha miyezi inayi iliyonse. Kuthamangira kumsika ndi nkhuku zodwala pofuna kupulumutsa ndalama kumangofalitsa matendawo kwa ena. Nkhuku zakufa zikwiriridwe m'dzenje lakuya kapena kutenthedwa, osati kutayidwa m'ngalande kapena kudzala.

Kupewa mikangano

Nkhuku zoyendayenda ndizo zimayambitsa milandu yambiri ya m'makwalala. Zikafukula mbewu kapena kuononga dimba la mnzako, iye ali ndi ufulu wofuna chipukutamisozi. Kumudzi nkhuku zimadya paliponse, koma m'tauni ziyenera kukhala m'khola kapena mumpanda.

Khola labwino limalowa mphepo, silidontha ndipo limakhala kutali ndi khitchini, chitsime ndi mazenera a anthu ena. Nkhuku zanyama zisapitirire khumi pa sikweya mita imodzi. Utuchi kapena mankhusu a mpunga oyala pansi azikhala ouma, chifukwa fungo limayamba ndi chinyontho. Zitosi zikachotsedwa zikwiriridwe kuti zisanduke manyowa kapena ziperekedwe kwa alimi a kudimba. Chakudya chisungidwe m'zotengera zotseka bwino poopa makoswe. Madzi otsukira khola, magazi ndi nthenga zisaloledwe kutsikira m'ngalande za mumsewu.

Pankhani ya phokoso, ambiri sadziwa kuti nkhuku yaikazi imaikira mazira ngakhale popanda tambala. Tambala amafunika pokhapokha ngati woweta akufuna anapiye. Banja lofuna mazira akudya okha likhoza kukhala popanda tambala, ndipo oyandikana nalo adzagona tulo tabwino.

Kusamvana kukabuka, njira yachidule ndi kukambirana kaye awiriwiri, kenaka kupita kwa mfumu ya m'deralo kapena khansala. Zikakanika pamenepo, wodandaula apite kukhonsolo atalemba masiku ndi mtundu wa vutolo.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ulendo umodzi wa kukhonsolo, kucheza ndi mwininyumba komanso kudziwitsa oyandikana nawo anapiye asanafike ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi kugwetsa khola lomwe lamangidwa kale.